Anandiika chitsulo pamkono: ndiyambirenso liti kunyamula zolemera?

Funso ili latichokera kwa bambo wa zaka 34 wa ku Lizulu, m'boma la Ntcheu:

"Ndimapikula mbatatesi ku Tsangano n'kumagulitsa pa Lizulu. Pakati pa mwezi wa Meyi ndinagwa pa njinga yamoto, ndinatsamira dzanja lamanja ndipo fupa linathyoka pamene timavala wotchi. Anandichita opaleshoni ku Lilongwe, anaikamo kachitsulo ndi timisomali. Tsopano patha masabata 7. Bala linapola bwinobwino, koma mkono waonda, sukupindika, ndipo ngakhale kapu ya tiyi ikundilemera. Tsiku loti ndikaonedwenso linadutsa chifukwa ndinalibe ya thiransipoti. Ndisanavulale ndinkanyamula zitsulo ndi anzanga madzulo alionse, ma push-up ndinkachita 50 osapumira. Anzanga akuti ndingoyamba mwamphamvu kuti mkono uzolowere. Mayi anga akuti ndisaugwiritse ntchito mpaka chaka chithe. Ndimvere ndani?"

Achimwene, pepani kwambiri ndi ngoziyo. Ine ntchito yanga ndi ya fizio, yothandiza ziwalo zovulala kuti ziyambenso kuyenda ndi kulimba, ndipo chichulukireni njinga zamoto m'misewu yathu, manja ngati lanulo sasowa patebulo langa. Anzanuwo ndi mayi onse akukufunirani zabwino, koma malangizo awo onse awiri akhoza kukupwetekani. Mukayamba mwamphamvu lero, mungasunthe fupa limene mwina silinagwirane mokwanira. Mukaupachika mkonowo pachifuwa chaka chathunthu, udzauma moti ngakhale kuumba mbamu ya nsima kudzakukanikani. Mphamvu ya mkono wothyoka imabwerera motsatana: uyambe wapindika, kenako ugwire, kenako unyamule, ndipo pomaliza penipeni utsamiridwe. Ma push-up amene mukuwalakalakawo ali kumapeto kwa mzere umenewu.

Ndiyambe ndi tsiku limene linakudutsani lija, pakuti zonse zimene ndinene pano zatsamira pamenepo. Pa masabata 6 ndi pomwe amajambula X-ray kuti aone ngati fupa lagwirana komanso ngati timisomali tidakali m'malo mwake. Khungu silichedwa kupola, n'chifukwa chake ulusi amachotsa pakangotha masiku 10 mpaka 14. Fupa la munthu wamkulu limafuna masabata ngati 6 kuti ligwirane, ndi enanso 6 kuti lipirire katundu weniweni. Choncho chipsera chosalala sichikukuuzani chilichonse za m'katimo. Ngati ya ku Lilongwe ikuvutabe, tengani buku lanu la kuchipatala mupite kuchipatala chachikulu cha boma, ku Ntcheu kapena ku Dedza, kumene kukutsikireni mtengo, mukafunse a za mafupa. M'zipatala za m'maboma muli ma clinical officer amene anaphunzira za mafupa mwapadera, ndipo anthu ambiri othyoka m'dziko muno amachira m'manja mwawo. Akakujambulani, musatuluke musanafunse zinthu ziwiri: kodi fupa lagwirana, nanga ndaloledwa kuyamba kulimbitsa mkonowu ndi zolemera? Apempheni alembe yankho m'bukumo ndipo akulozereni kwa a fizio. Musachite manyazi kuti tsiku linadutsa. Safunsa anadya phula, ndipo si inu oyamba kulephera kubwera chifukwa cha ya thiransipoti.

Kuchokera pachigongono kutsika kudzanja muli mafupa awiri. La mbali ya chala chachikulu limatchedwa radius, la mbali ya chala chaching'ono ndi ulna. Patsogolo pawo pali timafupa 8 tondondozana m'mizere iwiri, ndiye kenako chikhatho. Munthu akamagwa amaponya dzanja patsogolo asanaganize n'komwe, ndipo kulemera kwa thupi kumathera kunsonga ya radius. Malinga ndi mmene mwalongosolera, pamenepo ndi pomwe panathyoka. Kuthyoka kumeneku n'kofala kuyambira kalekale. Dokotala wa ku Dublin, Abraham Colles, anakufotokoza mu 1814, X-ray isanatulukiridwe, ndipo iye anaona kale kuti mkono wotere umadzagwiranso ntchito ngakhale umatenga nthawi. Koma ngati m'buku lanu analemba kuti kafupa kakang'ono kotchedwa scaphoid kanathyokanso, kapena kuti anasoka mitsempha, masabata onse amene nditchule pano atalikirapo, ndipo mawu a dokotala wanu ndi amene apambane anga.

Kachitsuloko ntchito yake ndi yofanana ndi ya matabwa amene amisiri amakhoma pothira konkire. Kamagwira zidutswa za fupa pamalo pake kuti zipole zili zowongoka, n'chifukwa chake munthu wa chitsulo amaloledwa kuyendetsa mkono msanga kuposa wa chikhakha. Koma sanakapange kuti kasenze thumba la feteleza. Fupa likakhala kuti silinagwirane, katundu yense amathera pa timisomali, timayamba kugwedera m'fupamo, kapena chitsulo chenichenicho chimatopa n'kupindika monga amachitira waya akapindidwapindidwa pamalo amodzi.

Kuonda kwa mkono kusakuopseni. Minofu imene imayendetsa dzanja ndi zala imakhala pakati pa chigongono ndi mfundo ya dzanja, pamene timavala wotchi paja, ndipo mnofu ukangokhala masabata ochepa osagwira ntchito umaphwa. Ukayamba kugwira ntchito umabwereranso. Chimene chimandisowetsa mtendere ine ndi kuuma. Ndimakumbukira mayi ena achikulire a cha ku Bembeke amene anabwera patatha miyezi inayi chithyokere, mkono uli m'chitenje chomangirira m'khosi. Fupa lawo linali litapola bwino kwambiri. Koma zala zinali zowongoka ngati timitengo, zosafika pachikhatho, ndipo phewa, lomwe silinavulale n'komwe, linkakana kukwera moti sankatha kudzimanga duku. Tinatenga nthawi yaitali kumasula zala ndi phewa kuposa imene fupa linatenga kuti lipole. Nkhani imeneyi mukawafotokozere mayi, mwaulemu.

Zimene mungayambe lero, musanajambulitse X-ray, ndi zoyendetsa mkono ndi mphamvu yake yokha, popanda kunyamula kanthu komanso popanda kuukankha ndi dzanja linalo. Kumtunda kwathu kuno Julayi amazizira, ndipo mfundo yovulala imadzuka itauma gwa. Poti bala linatsekeka, yambani ndi kuviika dzanja m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi 10, ofunda ngati osambitsira khanda. Madziwo muziwayesa ndi dzanja lamanzere, chifukwa khungu la pafupi ndi chipsera nthawi zina silimva kutentha bwinobwino. Dzanja lili m'madzimo, fumbatani chibakera chathunthu mpaka nsonga za zala zikhudze chikhatho, tambasulani zala zonse, kenako pindani nsonga zokha ngati zikhadabo za mphaka. Chala chachikulu chikhudze nsonga ya chala chilichonse, kuyambira chamkombaphala mpaka chaching'ono.

Mukatero khalani patebulo, mkono ugone patebulopo, dzanja lilendewere kumphepete chikhatho chitayang'ana pansi. Fumbatani chitsononkho mosafinya. Kwezani dzanja pang'onopang'ono mpaka pomwe lakanira, werengani mpaka 5, litsitseni mpaka pomwe lakaniranso. Chitsononkhocho chili ndi ntchito yake. Anthu ambiri akamakweza dzanja amatambasula zala, ndiye minofu ya zala ndi imene imakoka, ya mfundo ya dzanja n'kumangogona. Zala zikafumbata kanthu, minofu yoyenerayo imakakamizika kudzuka. Ndipo kupindira dzanja kumbuyo kumeneku ndi kumene mudzakufune kwambiri. Yesani ndi lamanzere: ligwetsereni pansi n'kuyesa kufinya kanthu, muona kuti mphamvu palibe. Munthu amagwira mwamphamvu dzanja likakwera pang'ono, ndipo push-up imafuna kuti lipindikire kumbuyo pafupifupi madigiri 90.

China ndi kutembenuza chikhatho. Chigongono chigunde m'nthiti, chitapindika ngati ngodya ya chitseko. Tembenuzani chikhatho chiyang'ane kumwamba ngati mukulandira chenji, kenako chiyang'ane pansi. Kuyang'anitsa kumwambako ndi kumene kumavuta ambiri, ndipo thupi limaba: chigongono chimasuntha, phewa n'kupendekeka, munthu n'kumaganiza kuti mkono watembenuka. Panirani kapepala pakati pa chigongono ndi nthiti. Kakagwa, dziwani kuti latembenuka ndi phewa. Musaiwalenso kukweza mkono wonse pamwamba pa mutu ndi kuufikitsa kumsana kangapo patsiku.

Chilichonse mwa zimenezi ka 10, kasanu patsiku. Mphindi 10 kasanu zimathandiza kuposa ola lathunthu kamodzi, chifukwa mfundo youma imabwerera mwakale ikangokhala maola angapo. Pamsika mukudikira makasitomala ndi nthawi yabwino. Dzanja likatupa, ligonekeni pamwamba kuposa mtima n'kumafumbata ndi kutambasula. Chipseracho muzichisisita ndi vaselini pang'ono, mozungulira, mphindi 5 kawiri patsiku, kuti khungu lisamatirire ku mitsempha yokoka zala imene imadutsa pansi pake. Ndipo bwererani kudya nsima ndi dzanja lamanja, kumanga nalo mabatani, kusamba nalo, kuwerenga nalo ndalama. Tintchito topepuka timeneti ndi mankhwala, ndipo dzanja limene mwini wake akuliopa limachedwa kuchira.

A za mafupa akangoti fupa lagwirana, mwaloledwa kuthandizira ndi dzanja linalo. Gundanitsani zikhatho pachifuwa ngati mukupemphera, n'kumatsitsa manja pang'onopang'ono, zikhatho osazilekanitsa, mpaka mumve kukoka. Khalani pomwepo masekondi 30. Onani batani la malaya limene manja afikapo, ndipo Lamulungu lililonse muziona ngati mwatsikirako. Kusintha kwa tsiku ndi tsiku sikuoneka, koma batani silinama.

Tsopano za ululu, chifukwa apa ndi pomwe amuna ambiri amasokera. Kukoka kapena kuwawa pang'ono pochita zimenezi n'koyembekezeka. Tiyerekeze kuti 0 ndi kusamva kanthu, 10 ndi ululu wa tsiku limene munagwa lija. Mpaka 3 kapena 4, pitirizani. Ukakhala wobaya ngati singano pamalo pomwe panathyoka, siyani pomwepo. Koma woweruza wamkulu ndi m'mawa wotsatira. Mukadzuka mkono uli ngati dzulo kapena bwinoko, munachita zoyenera. Mukadzuka watupa, wotentha, wouma kuposa dzulo, munapyola muyeso: pumulani tsiku limodzi kapena masiku awiri, mubwerere pa mlingo wa m'mbuyo. Panado wa usiku kuti mugone alibe vuto. Chimene ndimakaniza ndi kumwa mapiritsi opha ululu n'cholinga choti mukathe kunyamula, popeza mukatero mwatseka pakamwa mlonda yekhayo amene akanakuchenjezani.

Chilolezo chikapezeka, chomwe nthawi zambiri chimabwera pakati pa masabata 6 ndi 8, yambani kulimbitsa kagwiridwe. Simukufunika zida za m'sitolo. Dongo loumbira mbiya, lomwe kwathu kuno silisowa, limaposa mpira wa tenesi, chifukwa zala zimalowa mpaka kumapeto m'malo moima panjira. Umbani mpira wokwana m'dzanja, ufinyeni mpaka dongo lituluke m'mipata ya zala, liumbeninso, kenako muzilitsina ndi chala chachikulu pamodzi ndi chala chilichonse. Likayamba kukupepukirani, lisiyeni liume pang'ono kuti lilimbe. Pisani dzanja m'chidebe cha chimanga chotonola mpaka pamfundo, muzifumbata, kutambasula ndi kupotoza lili m'katimo. Finyani thaulo lonyowa mbali zonse ziwiri.

Pa zolemera, madzi ndiwo sikelo yanu: lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi. Botolo la 500 ml ndi theka la kilogalamu, ndipo poyambira ndi pamenepo. Bwererani patebulo paja, m'malo mwa chitsononkho mugwire botolo. Kwezani chikhatho chili pansi, kwezani chikhatho chili kumwamba, kwezani chala chachikulu chili kumwamba. Potembenuza chikhatho gwirani mthiko, kenako nyundo, poyamba pafupi ndi mutu wake, n'kumasunthira kumapeto kwa mpini mphamvu ikamabwera. Ka 10 mpaka ka 15, maulendo atatu, n'kudumphitsa tsiku kuti minofu ipume. Mukakwanitsa ka 15 mosavuta kawiri motsatizana, m'mawa wake wopanda dandaulo, onjezani theka la lita. Potsitsa musamangoligwetsa botololo, pakuti kutsitsa pang'onopang'ono kumamanga mphamvu ngati kukweza komwe.

Mfundo iyeneranso kuphunzira kudzigwira mwachangu zinthu zikasuntha mosayembekezera. Ikani lalanje m'mbale, gwirani mbaleyo ndi dzanja lamanja, muzilizunguliza m'mphepete osaligwetsa. Kupeta ndi lichero kumagwira ntchito yomweyo. Pambuyo pake muziponya mpira wopepuka kukhoma n'kumauwakha.

Kuchipatala tili ndi njira yoyezera mphamvu ya kagwiridwe ngakhale patakhala popanda chida chake chenicheni. Timakulunga kansalu ka makina a BP, kukapopa pang'ono, munthu n'kukafinya, ife n'kuwerenga pomwe muvi wafika, dzanja lililonse palokha. Pemphani kuti azikuyezani choncho mwezi ndi mwezi. Ine sindilola munthu kubwerera ku zolemera zenizeni dzanja lovulala lisanafike pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10 a mphamvu ya linzake.

Kwa ambiri zimenezi zimachitika cha m'masabata 12, ndiye kuti kwa inu cha mu Ogasiti. Ngakhale pamenepo, kubwerera kwa anzanu kuli ndi dongosolo lake. Yambani ndi zokoka ndi zonyamula mfundo ili yowongoka: kuyenda mutanyamula chigubu cha malita 5 m'mbali mwa thupi, kuchikokera m'chiuno mutawerama, kupinda chigongono chala chachikulu chitayang'ana kumwamba. Mfundo ya dzanja imapirira bwino ikakhala yowongoka, ndipo imavutika ikapindikira kumbuyo katundu ali pamwamba pake. Dzanja lililonse likhale ndi chake chonyamula. Chitsulo chachitali chogwira ndi manja awiri chibwere mochedwa, popeza lamanzere limabisa kufooka kwa lamanja, komanso chitsulocho chimakakamiza mfundo kukhala mmene icho chikufunira.

Zitsulo zathu zambiri za m'makwalala ndi za simenti yothira m'zitini za penti, kapena magiya akale a galimoto. Vuto lake n'lakuti kulemera kwake sikudziwika, mbali ziwiri sizilingana, ndipo kuchoka pa chaching'ono kupita pa chotsatira mumadumpha makilogalamu ambiri nthawi imodzi. Mkono wochira umafuna masitepe ang'onoang'ono, ndipo zigubu za madzi kapena za mchenga zikupatsani zimenezo. Tsiku loyamba nyamulani gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene munkanyamula kale, ngakhale mtima ukuuzeni kuti mungathe zambiri. Muwauziretu anzanu kuti asakuchemerereni kuti muonjeze, koma mmodzi aime pafupi kuti alandire chitsulo mkono ukalefuka. Bandeji yomanga pamfundo ponyamula ilibe vuto m'masabata oyamba, bola isakhale yovala tsiku lonse.

Pa push-up yathunthu manja amasenza pafupifupi magawo awiri mwa magawo atatu a kulemera kwa thupi. Munthu wa makilogalamu 70 amaika makilogalamu ngati 45 pamanja, oposa 20 pa dzanja lililonse, dzanjalo litapindikira kumbuyo mpaka kumapeto. Inu munkachita zimenezo ka 50 osaganizako n'komwe, n'chifukwa chake zimaoneka ngati zopepuka. Yambani pakhoma mutaimirira, mapazi ali pafupi ndi khomalo, n'kumawasunthira kumbuyo masiku akamapita. Mukachoka pakhoma pitani patebulo lolimba, kenako pabenchi, kenako pansi mutagwada, pomwe manja amasenza ngati theka la thupi, ndipo pomaliza yathunthu. Sitepe iliyonse itenge sabata imodzi kapena masabata awiri. Ngati dzanja silinayambe kupindikira kumbuyo mokwanira, chitani mutafumbata zibakera pa thaulo lopinda, mfundo ili yowongoka. Musakakamize chikhatho kugona pansi pomwe chikukana. Mukapeza sikelo yopondapo, ikanipo chikhatho chigongono chili chowongoka, tsamirani pang'onopang'ono mpaka ululu uyambe, muwerenge nambala. Ikaima pa makilogalamu 12, nthawi ya push-up yathunthu siinakwane, ngakhale anzanu anene bwanji.

Pali chinthu chimene simunafunse koma chikundidetsa nkhawa kuposa jimu, ndicho ntchito yanu. Matumba a mbatatesi a pa Lizulu, osokerera mutu pamwamba aja, ndi olemera kwambiri, ndipo sanyamulidwa mwadongosolo ngati zitsulo za madzulo. Amakwezedwa mogwedeza, anthu awiriawiri, ndipo thumba likapulumuka munthu amaliwakha ndi dzanja lomwe lili pafupi. Kugwedeza kwadzidzidzi kotereku n'koopsa kwa fupa longopola kumene. Lembani aganyu azikweza ndi kutsitsa mpaka miyezi inayi ikwane, inu muziyang'anira malonda ndi ndalama. Ndikudziwa kuti phindu lichepa, ndipo sindikuchepetsa vuto limenelo. Koma opaleshoni yachiwiri, ndi miyezi ina itatu muli chikhalire pakhomo, zingakudyereni mpamba wonse.

Njinga yamoto nayo idikire. Dzanja lamanja ndi limene limapotoza moto ndi kugwira buleki yakutsogolo, ndipo msewu wa mabampu umagwedeza mfundo ulendo wonse. Musayendetse masabata 12 asanakwane, a za mafupa asanavomere, komanso musanathe kufinya buleki mwadzidzidzi ndi mphamvu zonse popanda kuzengereza. Poyamba yendani pafupi, pamsewu wosalala, opanda katundu. Khasu lidikire nthawi yokonza mizere, cha mu Okutobala, pomwe mudzakhale mutakwanitsa miyezi isanu. Mudzayambe ndi mphindi 20 panthaka yofewa ya kudimba musanalimbane ndi youma ya kumunda, pakuti khasu likagunda pouma, kugundako kumathera pamfundo pomwepo. Nkhwangwa ibwere pambuyo pa khasu.

Thupi lonse lisadikire mkono. Miyendo, mimba ndi msana zilibe chitsulo. Yendani mwandawala, kwerani zitunda zomwe kwanuko sizisowa, muzinyonyomala n'kumadzuka, thamangani pabwalo losalala pomwe simungapunthwe. Mpira wa miyendo udikire miyezi inayi kapena kuposerapo chifukwa cha kugwa, ndipo kugwira pagolo kudikire kwambiri. Mkono wamanzere muziulimbitsa ndithu. Akatswiri anapeza kuti kulimbitsa mkono umodzi kumathandiza kuti winawo usataye mphamvu kwambiri, chifukwa gawo lina la mphamvu limachokera ku mmene ubongo umalamulira minofu.

Fupa limamangidwa ndi zimene mukudya: usipa ndi matemba odyera pamodzi ndi minga zake, nyemba, soya, mtedza, mazira, mkaka ukapezeka, ndi ndiwo zamasamba monga bonongwe, chisoso ndi mpiru. Kuwothera dzuwa kumathandiza thupi kupanga vitamini D, amene amathandiza kuti kashiamu wa m'zakudya alowe m'thupi n'kukalimbitsa mafupa. Ngati mumasuta, ino ndi nthawi yosiya, chifukwa fodya amachepetsa magazi ofika pafupa ndipo mafupa a osuta amachedwa kugwirana. Mowa wambiri umachedwetsanso, kuwonjezera pa kugwetsa munthu kachiwiri.

Zizindikiro zina sizofunika kudikira tsiku lopatsidwa. Chipsera chikafiira, kutentha, kutuluka madzi kapena mafinya, makamaka thupi likatentha, pitani tsiku lomwelo, popeza tizilombo tikafika pachitsulo timavuta kuchotsa. Dzanzi losatha m'chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, lokudzutsani usiku, limasonyeza kuti mtsempha wodutsa pakati pa mfundo wapanikizika. Chala chachikulu chikakana mwadzidzidzi kudzuka kapena kupinda nsonga yake, mwina mtsempha wokoka chalacho waduka, ndipo dokotala wa opaleshoni ayenera kuona msanga. Dzanja likamawotcha ngati moto, kutupa, kusintha mtundu, kutuluka thukuta mosiyana ndi linzake, moti ngakhale malaya akalikhudza mumamva kuwawa, limenelo ndi vuto lodziwika limene limagwira ena akathyoka, ndipo limathandizika bwino likapezeka msanga. Mukamva kuthetheka, kapena mkono ukasintha maonekedwe mutanyamula kanthu, umangirireni ku kathabwa munyamuke.

Ndikudziwa kuti kumudzi wina adzati atemepo mphini kuti magazi oipa atuluke, wina adzati auwongole mkonowo pokoka mwamphamvu. Chonde kanani. Pamfundo ya dzanja mnofu ndi wochepa, kachitsuloko sikali kutali ndi khungu, ndipo lezala ndi mankhwala opaka pabala zimatsegulira tizilombo njira yolunjika pafupa. Kuthowa ndi kansalu ka madzi ofunda kulibe vuto, bola osapotokola mfundo.

Mayi akulondola pa chinthu chimodzi: kuchira kwathunthu kumatengadi chaka, nthawi zina kuposerapo. Kusintha kwakukulu mudzakuona m'miyezi 3 mpaka 6 yoyamba, koma mphamvu imapitiriza kukwera mwakachetechete mpaka chaka. Kuwawa kwa mbali ya chala chaching'ono potembenuza dzanja kumachedwa kutha mwa anthu ambiri. Mwina dzanja lamanja silidzapindika kufika ndendende pomwe lamanzere limafika, ndipo ambiri amabwerera kuntchito ndi kumasewera awo ali choncho. Ngati nkhawa ya mayi ili pa chitsulo, auzeni kuti tizitsulo timeneti amatipanga ndi titanium kapena chitsulo chosachita dzimbiri, sitiola m'thupi, ndipo sitiitana mphenzi. Nthawi zambiri sitichotsedwa. Amachotsa tikamavutitsa, makamaka tikamakhula mitsempha ya zala, ndipo chizindikiro chake ndi kuwawa kapena kukhwekhwereza pamfundo mukamapinda chala chachikulu. Mukamva zimenezo mukanene. Ngati n'kotheka, pitani nawo mayi kwa a fizio ulendo umodzi, akadzionere okha zimene mukuphunzitsidwa, kuti kunyumba azikukumbutsani m'malo mokuletsani.

Popita kumeneko jambulani pafoni zitsulo zimene mumanyamula ndi anzanu, komanso thumba limodzi la mbatatesi monga limakhalira likasokedwa. Wa fizio akaona katundu weniweni amene mkonowo ukubwererako, adzadziwa poyambira ndi pomwe ayenera kukufikitsani.